CITHUNZI SI MANKHWALA A MSANA

Dzinja likafika pakati, pamene khasu lili m'manja kuyambira mbandakuca kufikira dzuwa litapendeka, zipatala zing'ono-zing'ono za kumidzi kwathu zimadzala ndi anthu a dandaulo limodzi, ndilo msana. Kucokera ku Mtenguleni mpaka ku Katete nkhani ndi yomweyi. Ambiri a odwalawa amafika atagamula kale mlandu okha: afuna kalata yopita nayo ku cipatala cacikulu ku Chipata kuti akawaunike ndi X-ray. Akapatsidwa mapilitsi ndi malangizo cabe amabwerera kwao monyinyirika, nanena kuti sanathandizidwe. Ena amagulitsa mbuzi kapena thumba la nshawa kuti akadzigulire cithunzico kwina.

Ndifuna kunena mosapsatira kuti ambiri a anthu otere amataya cuma cao pacabe, ndipo ena amabwerako ndi nthenda ina yoposa imene anapita nayo, ndiyo mantha.

Tiyambe ndi msana weni-weniwo. M'ciuno mwa munthu muli mafupa asanu osanjikizana, ndipo pakati pa fupa ndi fupa pali kanthu kofewa konga nkhata imene amai amaika pamutu posenza mtsuko. Tinkhata timeneti ndito timateteza mafupa kuti asakhulane. Pambali pake pamatuluka mitsempha yotsikira ku miyendo. X-ray, imene Wilhelm Röntgen wa ku Germany anatulukira mu 1895, imaonetsa mafupa bwino lomwe, koma tinkhata, minofu ndi mitsempha siionetsa. Makina oonetsa zimenezi ndi aja ochedwa MRI, ogwira nchito ndi mphamvu ya maginito, amene anayamba kulowa m'zipatala za maiko olemera m'zaka za m'ma 1980. Atafika, anthu anayesa kuti cinsinsi ca msana caululika.

Mu 1994 dokotala Maureen Jensen ndi anzace ku California, m'dziko la America, anacita cinthu cimene ena akanaciyesa kutaya nthawi. Anaunika ndi MRI anthu 98 amene msana sunali kuwapweteka konse. Anapeza kuti anthu 36 cabe pa 100 ali onse ndiwo anali ndi tinkhata tabwino-bwino tonse. Oposa theka anali ndi kankhata kamodzi kapena tingapo totundumukira kunja. Awatu anali anthu oyenda, ogwira nchito ndi ogona tulo tabwino.

Munthu wina amene wathera zaka zambiri pa funso limeneli ndi Profesa Jeffrey Jarvik wa pa University of Washington mu mzinda wa Seattle, katswiri wowerenga zithunzi za ubongo ndi msana. Mu 2015 iye pamodzi ndi dokotala Waleed Brinjikji wa ku Mayo Clinic ndi anzao ena anasonkhanitsa zofufuza 33 zokhudza anthu 3,110 opanda ululu wa msana. Pa anyamata ndi atsikana a zaka 20, anthu 37 pa 100 anali kale ndi tinkhata toyamba kutha. Pa nkhalamba za zaka 80 anali 96 pa 100. Tanthauzo lace ndi ili: mukatenga agogo anu amene amavina ngoma pa Ncwala osadandaula kanthu, nimuwaika m'makinawo, cithunzi cidzanena kuti msana wao unatha. Nkhata yakale imaphwatalala ndi kuthethekera m'mbali, komabe mtsuko umafika kunyumba ndi madzi ace. Cithunzi cimaonetsa kuphwatalalako, koma sicinena ngati ndiko kukupwetekani.

Wina adzati, nanga kuunika kulakwa ciani, popeza kuona ndi maso kumakhazika mtima pansi? Funso limeneli analiyesa ku Nottingham, ku England, m'kufufuza kumene dokotala Denise Kendrick anafalitsa mu 2001. Odwala msana 421 anawagawa pawiri: ena anawaunika ndi X-ray, ena anawasamala popanda kuunika. Patapita miyezi itatu, ounikidwa aja ndiwo anali kudandaulabe ululu kuposa anzao. Codabwitsa ndi cakuti iwo omwewo ndiwo anakondwera koposa ndi cisamaliro cimene analandira. Mtima unakondwa, msana osacira.

Cifukwa cace si cobvuta kumva. Mlimi akauzidwa kuti mafupa ace akutha amayamba kudziyesa mtsuko wong'aluka. Amaleka kuyenda, amagona pamphasa masabata, minofu nifooka, ndipo tsiku limene adzagwiranso khasu ululu umabwera mowirikiza. Madokotala anasiya kale kulangiza wodwala msana kugona masiku ambiri. Ululu wa msana woyamba mwadzidzidzi kawiri-kawiri umacepa kwambiri pasanathe masabata asanu ndi limodzi, munthu akamayenda ndi kugwira tinchito topepuka monga angathere. Tisaiwalenso kuti X-ray ya m'ciuno imalowetsa m'thupi ceza coposa kakhumi ca X-ray ya pacifuwa, ndipo mai woyembekezera ayenera kunena za pakati pace asanaunikidwe.

Bvutoli si lathu tokha. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linati mu 2020 anthu 619 miliyoni anali ndi ululu wa msana, ndi kuti pa odwala khumi ali onse, pafupi-fupi asanu ndi anai nthenda yao siingalozedwe pa fupa kapena pa ciwalo cimodzi.

Koma apa ndipo pafunika kucenjera, pakuti kuno si ku Seattle. Ofufuza a kumeneko akulimbana ndi kuculuka kwa makina. Ife makina a MRI ndi owerengeka m'dziko lonse, ndipo wa kuno kum'mawa amene atumizidwa ku Lusaka ali ndi ulendo wa makilomita oposa 500 pa mseu wa Great East. Ndiponso tili ndi mdani amene kwa iwo saoneka-oneka, ndiye TB ya msana. Ambiri amadziwa TB ngati cifuwa cacikulu cokha, osadziwa kuti tizirombo tace timatha kulowa m'mafupa a msana ndi kuwadya pang'ono-pang'ono kufikira atagwerana, munthu namera linunda kapena kufa miyendo. Dokotala Percivall Pott wa ku London analongosola nthendayi kale mu 1779. Imacira ndi mankhwala a TB, amene m'zipatala za Boma amaperekedwa mwaulere, ngakhale kuti ya msana imafuna miyezi yambiri, nthawi zina caka cathunthu. Wocedwa kufika angacire TB koma miyendo osabwerera.

Cotero pali anthu amene sayenera kudikira masabata asanu ndi limodzi aja. Ngati msana ukupweteka usiku ngakhale mutagona cete, thupi likutentha, thukuta likunyowetsa zofunda ndipo mukuonda popanda cifukwa, pitani msanga, makamaka ngati muli ndi kacirombo ka HIV kapena munakhala ndi wodwala TB m'nyumba. Ngati miyendo ikufooka, phazi likukokeka pansi, pakati pa ncafu pacita dzanzi, kapena mkodzo ukukanika kutuluka kapena ukutuluka wokha, limenelo ndi tsiku lomwelo, usiku kapena usana. Musadikire kuti mumalize kupalira. Cimodzi-modzi wogwa mumtengo, pa njinga kapena pa ngolo, mwana wamng'ono wodandaula msana masiku ambiri, ndi munthu amene anapezekapo ndi khansa, monga ya bere, ya khomo la cibaliro kapena ya prostate kwa abambo, pakuti khansa imatha kufalikira ku mafupa. Awa ndiwo eni ace a makina ounikira a ku Chipata Central, ku Mwami ndi ku St Francis ku Katete. Munthu wa msana wa khasu akaumirira kuima pa mzere umenewo, adziwe kuti kumbuyo kwace kungakhale mnzace amene miyendo ikumuthawa.

Kwa anzathu a zipatala ndili ndi mau awa. Anthu amafuna cithunzi cifukwa amaona ngati sanamvedwe. Wodwala akalowa, dzina nililembedwa, mapilitsi naperekedwa iye asanamalize kufotokoza, adzapita kukafuna cinthu cina cogwirika ndi manja. Profesa Jarvik anayesa njira ina yocepetsera mantha: pansi pa lipoti la cithunzi anali kulembapo kuti zooneka zoterezi zimapezekanso mwa anthu ambiri a msinkhu womwewo amene sadwala. Anayesa pa odwala oposa 250,000, ndipo zotsatira zinafalitsidwa mu 2020. Mau olembedwawo sanacepetse maulendo a ku cipatala ndi zocita zina za pamsana. Anangocepetsa pang'ono kulembera anthu mankhwala amphamvu opha ululu, aja ozolowereka m'thupi ngati fodya. Phunziro limene ine nditengapo ndi lakuti pepala silingalowe m'malo mwa pakamwa. Wodwala amugoneke, amugwire msana, amuyese mphamvu ya miyendo, amufunse za thukuta ndi mkodzo, kenaka amuuze m'Cinyanja comveka cifukwa cimene sakumutumizira ku X-ray, ndi tsiku loti abwerenso ngati sasintha. Nayenso wodwala afunse, pajatu safunsa anadya phula.

Zotsala ndi za pakhomo. Thumba la makilogalamu 50 anyamulizane awiri. Palibe amene analandira mphotho cifukwa colinyamula yekha. Polima muziweramuka kawiri-kawiri, ndipo mpini waufupi kwambiri usinthidwe. Mapilitsi monga brufen ndi diclofenac, amene ena amagula pa kantemba ndi kumwa tsiku ndi tsiku nyengo yonse yolima, amatha kuyambitsa zironda za m'mimba ndi kuononga impso akamwedwa nthawi yaitali. Otema mphini pamsana, ngati sangaleke, asabwerekane lumo.

Mwambo wa Ncwala, umene unayambanso mu 1980, umasonkhanitsa khamu lalikulu ku Mtenguleni kumapeto kwa February, nthawi yomwe misana ya alimi yatopa ndi kupalira. Ndipempha akulu a zaumoyo m'boma la Chipata kuti akambirane ndi mafumu ndi nduna zao, kuti pa masiku amenewo pakhale wina wofotokozera anthu zizindikiro zoopsa zija, ndi kuti nyakwawa iri yonse ibwerere kumudzi ikuzidziwa pamtima.