Musanagule chophikira khofi, yambani mwaona moto wa pakhomo panu

M'masitolo akuluakulu a ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu masiku ano muli mashelefu odzaza ndi makina ophikira khofi, ena onyezimira ngati galimoto yatsopano. Anzanga angapo pantchito, kuphatikizapo owerenga ena a danga lino, akhala akundifunsa kuti agule ati akalandira kangachepe ka kumapeto kwa mwezi. Yankho langa ndi limodzi: chophikira khofi chabwino ndi chimene chikugwirizana ndi moto, madzi ndiponso khofi amene mungapeze komwe mukukhala. Mtengo wake ndi kukongola kwa bokosi lake zibwere pambuyo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo malipiro a mphunzitsi kapena namwino ndi ochepa moti sitingawaononge pa chinthu chimene chikangokhala pamwamba pa kabati n'kumasonkhanitsa fumbi.

Tiyambe tamvetsetsa ntchito yake. Ambiri tinazolowera khofi wa m'chitini, wongothira supuni m'madzi otentha n'kusungunuka, ngati Ricoffy, amene amasakanizako mizu ya chomera chotchedwa chicory. Ameneyo safuna makina alionse. Khofi amene ndikunena pano ndi wa njere zokazinga n'kuzipera. Ameneyu sasungunuka. Madzi otentha amangotengako fungo ndi kukoma, ndipo matsalira ake amayenera kusefedwa monga timachitira ndi masamba a tiyi. Chipangizo chilichonse, chotchipa kapena chodula, ntchito yake ndi yomweyi: kukumanitsa madzi otentha ndi khofi wopera, kenako n'kuzilekanitsa.

Makina amene amakopa anthu ambiri ndi a magetsi aja okhala ndi jagi yagalasi pansi. Mumathira madzi kumbuyo, khofi m'kasefa ka pamwamba, madzi n'kumadontha pang'onopang'ono. Ndi abwino kwa banja lalikulu kapena ofesi chifukwa amaphika makapu ambiri nthawi imodzi. Koma ambiri mwa iwo amadya mphamvu ya magetsi yoyandikira mawati 1,000. Kasola kamene ambiri tili nako kumudzi, kounikira mababu atatu ndi kutchajira foni, sikanganyamule katundu wotere. Ngakhale kumene kuli magetsi a m'mawaya, dzifunseni kuti m'mawa uliwonse nthawi imene mumadzuka amakhala alipo kangati pa sabata.

Palinso nkhani ya mphamvu ya magetsiyo. Kuno ku Malawi magetsi athu ndi a 230V, pamene a ku America ndi a 120V. Makina amene m'bale wanu wakutumizirani kuchokera kumeneko, kapena amene mwawapeza pa msika wa katundu wogwiritsidwapo kale ntchito, akhoza kupsa tsiku loyamba lomwelo. Tembenuzani makinawo muwerenge kachikwangwani ka pansi musanatulutse ndalama. Ochokera ku South Africa mphamvu yake ndi yofanana ndi yathu, kungoti pulagi yake ndi ya mano atatu obulungira, ndiye mudzafunika adaputala yolimba kapena kusinthitsa pulagiyo kwa wodziwa zamagetsi. Funsaninso za sefa. Ena mwa makinawa amafuna sefa ya pepala, imene mayi wina wa ku Dresden m'dziko la Germany, Melitta Bentz, anatulukira mu 1908. Pepalalo limagwira ntchito kamodzi kokha, ndipo sindinalionepo pa golosale ya pa tawuni yathu yaing'ono. Ngati mwasankha makina amenewa, tengani okhala ndi sefa ya waya yotheka kutsuka.

Makina a timakapusolo, ngati a Nespresso amene kampani ya Nestlé inayambitsa mu 1986, ndi ofulumira ndiponso aukhondo. Mumaponyamo kakapusolo kamodzi, kudina batani, kapu yadzaza. Vuto lake ndi loti mukagula makinawo mwakwatirana ndi timakapusolo take. Kamodzi kamakhala ndi khofi wa magalamu 5 kapena 6 okha, n'ka kapu imodzi, ndipo tambiri timachokera kunja. Ndalama zakunja zikasowa kapena kwacha ikagwa, kapu yanu ya m'mawa imakwera mtengo nthawi yomweyo. Makina a espresso enieni, amene amakankha madzi mwamphamvu kudutsa mu khofi wosalala, ndi a malo odyera. Amafuna chopera chabwino, magetsi odalirika ndi mmisiri wowakonza akaonongeka.

Tsono tibwere ku zipangizo zimene sizidziwa kuti magetsi azima. Choyamba ndi chimene amachitcha French press, ena amati plunger. Ndi kajagi kokhala ndi kandodo ka sefa ya waya kumapeto. Mumaika khofi, kuthira madzi otentha a m'ketulo, kudikira mphindi 4, kenako n'kukankhira sefayo pansi mwapang'onopang'ono. Madziwo mwawiritsa pa mbaula, pa mafuwa kapena pa gasi, zilibe kanthu. Ine kwathu ndimagwiritsa ntchito chimenechi, makamaka usiku wa nyengo yozizira ndikamachonga mayeso a ophunzira a Fomu 4. Langizo langa ndi loti musankhe yachitsulo. Yagalasi siichedwa kusweka pakhomo pamene mbale zimatsukidwira pa thandala ndipo ana amathamangitsana. Chenjezo lina n'loti sefa ya waya imalola timafuta ta khofi kudutsa, ndipo timafuta timeneti timakweza cholesterol m'magazi mwa amene amamwa makapu ambiri pa tsiku. Amene adokotala anawachenjeza kale za vutoli asankhe sefa ya pepala, imene imagwira timafutato.

Chachiwiri ndi moka pot, kapoto ka aluminiyamu ka makona asanu ndi atatu kamene kanatchuka ndi dzina la Alfonso Bialetti wa ku Italy kuyambira mu 1933. Madzi amakhala m'chipinda cha pansi, khofi pakati. Nthunzi ikachuluka imakankhira madziwo m'mwamba kudutsa mu khofi, ndipo amatuluka wakuda bii ndi wamphamvu, woyenera kuthira mkaka. Kamalimba zaka zambiri ndipo pa gasi kamachita bwino kwambiri. Pa mbaula pamafunika kusamala, chifukwa moto wa makala ndi wotambasuka ndipo umasungunula chogwirira chake cha pulasitiki. Kaikeni m'mphepete, chogwirira chili kunja kwa moto. M'kati mwake muli kamphira kozungulira kamene kamatha pakapita nthawi, choncho funsani wogulitsa ngati amasunga timphira tapadera.

Chachitatu mwina muli nacho kale: poto, ndi kansalu koyera kapena sefa ya tiyi ya timabowo ting'onoting'ono. Wiritsani madzi, phulani, thirani khofi, vundikirani mphindi 4, sefani. Musaone ngati ndi njira ya anthu osauka. Ku Ethiopia, kwawo kwenikweni kwa khofi wa arabica, mpaka lero amakazinga njere pa makala, kuzisinja mu kamtondo ndi kuphika mu m'phika wadothi wotchedwa jebena, ndipo palibe amene amawauza kuti sadziwa khofi.

Pa madzi pali zinthu ziwiri. Madzi a pa mijigo yambiri amasiya zoyera zouma pansi pa ketulo. Zoyera zomwezo zimatseka timapaipi ta m'makina a magetsi, moti amafunika kuwatsuka kawirikawiri ndi viniga wosungunula m'madzi. French press ilibe paipi yoti itsekeke. Chinanso ndi katenthedwe. Khofi amakoma ndi madzi a pakati pa madigiri 90 ndi 96. Amene anamvetsera phunziro la sayansi akukumbukira kuti kumalo okwera madzi amawira asanafike madigiri 100. Ku Mzuzu kapena ku Lilongwe amawira cha pa 96, ndiye mukhoza kuthira mutangophula. Ku Nsanje ndi kunyanja dikirani pafupifupi mphindi imodzi.

Kaperedwe nakonso n'kofunika. French press imafuna khofi wamiseremisere, makina odontha amafuna wapakati, moka pot imafuna wosalalako. Mukaika wosalala kwambiri mu French press, mudzamwa matope owawa. Werengani zimene zalembedwa pa paketi. Mukagula wanjere, kamtondo kakang'ono ndi sefa zimathandiza, bola kasakhale komwe mumasinjiramo tsabola kapena nsinjiro. Sinjani wokwanira masiku ochepa, wotsalayo musunge m'botolo lotseka bwino, kutali ndi dzuwa.

Monga mphunzitsi, sindingamalize popanda masamu. Muyezo wodziwika ndi magalamu 60 a khofi pa lita imodzi ya madzi. Kapu ya mamililita 250 imafuna magalamu 15, omwe ndi masupuni aakulu awiri odzaza bwino. Ndiye kuti paketi ya magalamu 250 ikupatsani makapu 16. Gawani mtengo wa paketiyo ndi 16, muyerekeze ndi mtengo wa kakapusolo kamodzi, kenako muchulukitse ndi masiku 365. Mudzaona kuti ndalama zambiri zimathera pa zimene mumagula tsiku ndi tsiku, kuposa pa makina enieniwo.

Pali chifukwa china chimene ndimalimbikitsira zipangizo zolandira khofi wamtundu uliwonse. Dziko lathu limalima khofi wa arabica kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1870, pamene amishoni a ku Scotland anabwera ndi mbande zake ku Blantyre. Lero alimi ang'onoang'ono a ku Misuku m'boma la Chitipa, ku Phoka m'boma la Rumphi ndi m'mapiri a Nkhata Bay amagulitsa kudzera m'bungwe la Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, ndipo minda ina ya ku Thyolo, monga Satemwa, nayonso imalima. Wambiri amapita kunja, ife eni ake n'kumamwa wa m'chitini wochokera kwina. Mukagula French press, moka pot kapena makina a sefa, paketi iliyonse ya khofi wa kwathu imene mwatenga pa shelefu ikuthandiza kulipirira mwana wa mlimi wa ku Misuku fizi.

Choncho musanapite kusitolo, onani chimene mumaphikira m'mawa, chimene madzi anu amasiya m'ketulo, ndiponso ngati zofunika pa makinawo zimapezeka pamtunda woti mungafike pa njinga. Wa mbaula ndi nkhuni atenge French press yachitsulo. Wa gasi wokonda khofi wamphamvu atenge moka pot. Wa magetsi odalirika ndi banja lalikulu atenge makina odontha a sefa yotsuka. Ndipo amene thumba lake silikulola mwezi uno agule kaye paketi ya khofi wabwino, ayambe ndi poto ndi kansalu.