Netiweki ikamathera pakhomo, khoma lifunsidwenso

Amalawi ambiri adazolowera kuti foni ikaitana ali m'nyumba, choyamba nkuthamangira pazenera kapena kutuluka panja. Ena adachita kupeza ngodya imodzi pomwe foni imagwira ndipo imagona pomwepo usana ndi usiku. Nkhani ikadukira panjira, otukwanidwa amakhala a kampani za mafoni.

Nthawi zina kampanizo zimakhaladi zolakwa. Koma ngati foni ikugwira bwinobwino pabwalo, nkusiya munthu akangolowa kuchipinda, ndiye kuti nsanja yachitako mbali yake. Chomwe chatchinga ndi nyumbayo.

Foni ya m'manja ndi kawailesi kakang'ono. Imalumikizana ndi nsanja kudzera m'mafunde oyenda mumlengalenga ndipo mafundewo amafooka akamadutsa m'zinthu. Matabwa, udzu ndi galasi wamba sizivuta kwenikweni. Njerwa zimadya gawo lina la mphamvuyo pomwe konkire amadya yochuluka, makamaka akakhala ndi zitsulo mkati. Khoma lonyowa limatchinga kuposa louma chifukwa madzi amamwa mafunde. Koma mdani wamkulu ndi chitsulo poti mafunde akachimenya amabwerera monga kumachitira kuwala pa kalilole.

Nzeruyi ndi yakale. Mu 1836 katswiri wa sayansi wa ku Britain, Michael Faraday, adaonetsa kuti mphamvu ya magetsi ya kunja silowa m'chipinda chokutidwa ndi chitsulo. Nchifukwa chake foni imafa m'chikepe cha nyumba zosanja. Nchifukwa chakenso wogulitsa m'kontena amachita kutulutsa mkono pazenera kuti atumize ndalama.

Tsono walira mvula walira matope. Maloto a munthu aliyense ndi nyumba ya malata, yosilinga, ya mabagalabazi m'mazenera ndi chitseko chachitsulo choopseza akuba. Ena amayala pepala lonyezimira ngati siliva pansi pa malata kuti m'nyumba musamatenthe, kenaka nkukhoma sefa wa waya m'mazenera kuti udzudzu usalowe. Zonsezi nzabwino, koma zikaphatikizana nyumba imayamba kufanana ndi chipinda cha Faraday chija.

M'mizinda nkhani yakula chifukwa cha kamangidwe katsopano. Mu 2018 boma lidaletsa njerwa zootcha pomanga nyumba za boma ndi zamalonda pofuna kupulumutsa mitengo, ndipo mabuloko a simenti adatenga malo. Nyumba zosanja za ku Lilongwe ndi Blantyre zimaima pa konkire wa zitsulo. Kuonjezera apo, pali magalasi amakono obweza kutentha, omwe amapakidwa chitsulo chopyapyala kwambiri chosaoneka ndi maso. Pa mphamvu 100 zofika pagalasi lotere, yolowa mkati ikhoza kukhala imodzi yokha kapena kucheperapo. Zenera lomwe lidali khomo la netiweki limasanduka mpanda.

Ngakhale nthambi ya bungwe la United Nations yoona za mauthenga, ITU, idazindikira izi. Mu 2017 idatulutsa ndondomeko yoyerekezera mphamvu yotayika polowa m'nyumba, ndipo idagawa nyumba pawiri: zomangidwa mwachikale ndi zamakono zoteteza ku kutentha. Zamakonozi ndizo zimatchinga kwambiri.

Chinanso nchakuti mafunde safanana. Pomwe TNM inkakhazikitsidwa mu 1995 ndi Celtel mu 1999, mafoni ankadalira kwambiri mafunde a 900 MHz, omwe amapita kutali komanso amaboola makoma mosavutirapo. 3G nthawi zambiri imayenda pa 2100 MHz pomwe 5G m'maiko ambiri ili cha m'ma 3500 MHz. Nambala ikamakwera, mafunde amavutika kudutsa khoma. Ndi Wi-Fi nchimodzimodzi: ya 5 GHz ndi yaliwiro koma imatopa msanga pakhoma kusiyana ndi ya 2.4 GHz.

Wina akhoza kunena kuti palibe nkhani apa, munthu angotuluka panja basi. Koma foni lero yasenza zambiri. Ndi banki kudzera mu Airtel Money ndi Mpamba, ndi msika, ndi njira yoitanira galimoto mayi woyembekezera akayamba kudwala pakati pa usiku. Akuba akazungulira nyumba, mwini wake sangatsegule chitseko kukasaka netiweki pabwalo. Namwino wofuna dokotala msangamsanga sayenera kusiya wodwala nkumakaima pakhonde. Komanso netiweki ikakhala yofooka foni imachita kukuwa kuti nsanja iyimve, choncho batire limatha msanga. M'dziko lomwe magetsi amathimathima, imeneyo si nkhani yamasewera.

Chodandaulitsa nchakuti pomanga nyumba anthu amaganizira za madzi, magetsi ndi zimbudzi, koma za netiweki amakumbukira nyumba itatha. M'mera mpoyamba. Ojambula mapulani ndi makhonsolo ovomereza mapulaniwo akuyenera kumafunsa momwe mafoni adzagwirire mkati, makamaka pa zipatala, sukulu, mabanki ndi masitolo akuluakulu. Kusiya mapaipi odzadutsamo mawaya pamene khoma likumangidwa nkotchipa kusiyana ndi kudzaswa konkire pambuyo pake.

Kampani za mafoni nazo zisabisale kuseri kwa khoma. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Makasitomala awo amaimba foni kuchipinda, muofesi ndi m'sitolo, choncho kugwira kwa netiweki pamsewu pokha sikokwanira. Luso loika tinsanja ting'onoting'ono mkati mwa nyumba zikuluzikulu lilipo ndipo maiko ena adaliyamba kale. Bungwe la Macra, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998, likamayeza ntchito za kampanizi lizilowanso m'nyumba momwe anthu amakhala ndi kugwira ntchito.

Munthu wamba naye ali ndi pogwira. Wofuna nyumba ya lendi ayese foni chipinda ndi chipinda asadapereke ndalama, monga momwe amatsegulira mpopi kuona ngati madzi akutuluka. Womanga asankhe sefa wapulasitiki m'malo mwa wa waya, ndipo pogula magalasi afunse ngati ali opakidwa chitsulo. Amene ali ndi kachipangizo ka Wi-Fi akaike pamalo okwera pakati pa nyumba, osati kuseri kwa fuliji kapena m'kabati. Ngati kachipangizoko kamadalira nsanja, malo ake ndi pazenera loyang'ana komwe kuli nsanjayo, kapena kalumikizidwe ku eriyo ya panja. Koma zida zokuzira netiweki zosavomerezedwa ndi Macra nzofunika kuzipewa chifukwa zimatha kusokoneza mafoni a anthu oyandikana nawo.

Palibe amene angabwerere ku denga la udzu chifukwa cha foni. Malata, konkire ndi zitsulo nzofunika pa chitetezo cha banja. Chofunika nchakuti omanga, makhonsolo ndi kampani za mafoni akumbukire kuti munthu wodzitsekera m'nyumba yolimbayo tsiku lina adzafuna kuitana thandizo ali momwemo.