Botolo la pa WhatsApp si chemo

Azichemwali, pali bizinesi imene ikunenepera pa matenda athu. Tsegulani WhatsApp kapena Facebook, mupeza wina akugulitsa botolo la madzi akuda, eti limachiza khansa ya khomo la chiberekero. Ndipo masiku ano achenjera. Sakunenanso poyera kuti siyani chipatala. Akuti "ngakhale asayansi akuphatikiza zitsamba ndi chemo," n'kumatapo screenshot ya kafukufuku amene iwo eni sanamuwerenge.

Chopweteka n'choti m'mawu amenewo muli kachoonadi. Paclitaxel, amene madokotala amapereka kwa amayi ena odwala khansa imeneyi, anapezeka mu khungwa la mtengo wa yew wa ku America. Vincristine, amene amathandiza ana odwala khansa, amachokera ku kaduwa ka ku Madagascar, kofiirira kapena koyera kaja ambiri tinadzala pakhomo. Ndiye palibe akunyoza mitengo pano. Koma khungwa lija analitola mu 1962, mankhwalawo anawavomereza mu 1992. Zaka 30 zimenezo anali kupatula chinthu chimodzi pakati pa zambirimbiri za mu mtengowo, kufufuza mlingo wopha khansa osapha munthu, ndi kuyesa pa odwala enieni. Kaduwa kapakhomo kaja mukakawiritsa n'kumwa simuchira, mungodzipweteka.

Nanga turmeric amene akumutchula kwambiriyu? Zoona, mu labu akaika curcumin wa mu turmeric pamodzi ndi cisplatin pa maselo a khansa ali m'kambale, maselo ambiri amafa. Koma kambale si mzimayi. Curcumin salowa bwino m'magazi, wambiri amangodutsa m'matumbo n'kutuluka. Ofufuza akulimbanabe ndi vuto limeneli, koma wa pa status uja analithetsa kale m'khitchini mwake? Abale.

Cisplatin imalemetsa impso. N'chifukwa chake musanalandire amayeza magazi n'kukuikani madiripi a madzi. Mukawonjezerapo botolo losalembedwa zimene zili mkati, impso zomwezo ndi chiwindi ndizo zisenze zonse, ndipo magazi akaonetsa kuti impso zafooka, chemo amaiimitsa kaye. Pali zitsamba zina, monga St John's wort, zimene zimachititsa chiwindi kutaya msanga mankhwala ena a chemo asanagwire ntchito. Pa miyezi imene mayi akumaliza "dozi" ya botolo, khansa imene ikanachotsedwa ndi opaleshoni imakhala ikufalikira. Wogulitsa sadzabwera pa maliro.

Mzimayi wogula botololo sindikumuimba mlandu. Ali ndi ululu, akutaya magazi, ya transipoti yopita ku Queen Elizabeth kapena Kamuzu Central alibe, mwamuna akuti fungo lamutopetsa, ndiye wina wamulankhula mokoma n'kumulonjeza moyo. Ena amamwa mobisa poopa kukalipiridwa akaulula kuchipatala. Anamwino ndi madokotala athu, funsani mwaulemu zimene odwala akumwa kunyumba. Mukawazazira abisa, ndipo simudziwa chifukwa chake magazi asokonekera.

Funso langa lipite ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority: anthu akulengeza poyera kuti amachiza khansa, nambala za foni zili pomwepo, mukudikira chiyani?

Khansa imeneyi imayamba ndi kachilombo ka HPV, ndipo Malawi ali m'gulu la mayiko amene yavuta kwambiri padziko lonse. Katemera wa atsikana a zaka 9 anayamba m'dziko lonse mu 2019; funsani ngati mng'ono wanu anabayitsa. Kuyezetsa kwa viniga kuja n'kwaulere m'zipatala za boma ndipo sikutenga nthawi. Amene tili ndi HIV chiopsezo chathu n'chokwera pafupifupi ka 6, tisamadumphe tsiku loyezetsa. Ngati mayi anu kapena azakhali ali pa chemo ndipo pansi pa bedi pali botolo, musawakalipire. Linyamuleni pa ulendo wotsatira wa kuchipatala, dokotala akalione.