Lizulu si tomato yekha ayi

Anzanga a mumsika, mukatsika basi pa Lizulu ku Ntcheu mumangoona kabichi, tomato ndi kachewere. Ine ndimaona zambiri.

Apa ndi palikulu pa Inkosi Gomani ya Angoni. Paja Gomani II atsamunda adawachotsa paufumu mu 1953 chifukwa chokana chitaganya. Msewu wa M1 ndiwo malire: kungodumpha, mwafika ku Mozambique. Nkhondo ya kumeneko isanathe mu 1992, othawa kwawo adalandiridwa pompano.

Tsono zimandiwawa kuona enafe tikudikira dzuwa lipendeke kuti mayi wa tomato, poopa kuti aola, agulitse dengu motaya. Abale, n'kuba kumeneko! Nenererani, koma mwaumunthu. Likadzagona khasu la pa Lizulu, pabenchi panu ku Limbe padzakhala mbee!