Lamulo la cipukuta misozi ku California linasintha patapita zaka 47

Wodwala akavulala kapena kumwalila cifukwa ca kusasamala kwa dotolo, bwalo la milandu m'dziko la America limagawa malipilo pawili. Mbali yoyamba ndi ndalama zimene zingawelengeke, monga zolipila ku cipatala ndi malipilo a pa nchito amene munthu wataya. Mbali yaciwili ndi cipukuta misozi ca ululu, cilema ndi cisoni. Mkangano waukulu wakhala pa mbali yaciwiliyi.

M'caka ca 1975, madotolo a m'cigawo ca California atadandaula kuti mtengo wa inshuwalansi yawo wakwela kwambili, bwanamkubwa Jerry Brown anasaina lamulo lochedwa MICRA. Lamuloli linaika malile a madola 250,000 pa cipukuta misozi, koma silinanene kuti ndalamayi izikwela pamodzi ndi mitengo ya zinthu. Motelo inakhala imodzimodzi kwa zaka 47, uku mphamvu yake ikucepa caka ndi caka.

Amene anamva kuwawa kwambili ndi mabanja a ana, a nkhalamba ndi a anthu osagwila nchito yolembedwa. Awa alibe malipilo otaika oti bwalo liwelenge. Popeza maloya a milandu yotele amalandila gawo la ndalama zimene wodandaula wapambana, ndiponso kuitana akatswili odzapeleka umboni n'kodula, ambili anali kukana milanduyi.

Anthu ovota anakana kukweza malilewa m'caka ca 2014. Koma mu 2022, nkhaniyi itatsala pang'ono kupitanso ku voti, mabungwe a madotolo ndi a maloya anagwilizana, ndipo bwanamkubwa Gavin Newsom anasaina lamulo latsopano. Kuyambila pa 1 January 2023, malile anakwela kufika pa madola 350,000 ngati wodwala wavulala, ndi madola 500,000 ngati wamwalila. Ndalamazi zizikwela caka ciliconse kwa zaka khumi mpaka madola 750,000 ndi madola 1 miliyoni, ndipo pambuyo pake zizikwela ndi 2 pelesenti pa caka.

Zigawo zina zinatsata njila yosiyana. Texas inaika malile ake mu 2003, pamene bwalo lalikulu la Florida linathetsa malile otele mu 2014 ndi 2017, ponena kuti akutsutsana ndi malamulo aakulu a cigawoco.

Ku California malile sanacotsedwe, ndipo madotolo akudziwa pamene cipukuta misozi cingalekele. Cimene casintha n'cakuti banja lodandaula silidzalandilanso ndalama zoyezedwa ndi mitengo ya mu 1975.