Cikomekome ca Mkuyu

Alimi a ku Chipata, Katete ndi Petauke akagulitsa cimanga ndi nshawa, ambiri mtima umathamangira ku galimoto. Ogulitsa amawaonetsa magalimoto aang'ono a ku Germany amene anayendapo kale, monga Volkswagen Golf ndi Polo, onyezimira ndi a mtengo wooneka wotsika. Ife tikuti: cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Akuluakulu akukumbukira Beetle, ya injini yozizira ndi mphepo, imene makanika wa pansi pa mtengo anali kuikonza ndi sipanala cabe. Golf, imene inayamba kupangidwa mu 1974, lero imayendera kompyuta, ndipo ikadwala pamafunika makina oipima. Giya yodzisintha yokha yochedwa DSG imafuna mafuta akeake, ina pa makilomita 60,000 alionse. Lamba wa timing akaduka, mavalavu amagundana ndi mapisitoni, injini n'kuonongeka. Ndiponso magalimotowa ndi aafupi, pansi pake pamagunda miyala m'miseu ya kumidzi.

Sitikuti ndi oipa ai. Yosamalidwa bwino imakhalitsa. Koma wogula apite ndi makanika wakewake, aone buku la sevisi, aimve galimotoyo ikuliza injini m'mawa isanatenthe, ndipo atsimikize mapepala ake ku RTSA. Koposa zonse, afunse kumene zipangizo zake zimapezeka ndi mtengo wake. Ngati zili ku Lusaka kokha, aganize kawiri.

Thukuta la caka conse lisathere pa galimoto yokhala pa njerwa, nkhuku zikuikiramo mazira.