Akeni si temberero, lekani kutiopseza nawo

Sabata yatha pa pulogalamu yathu ya achinyamata pa wailesi, mtsikana wina wa kuno ku Silverest anatuma foni akulira. Amalume a bwenzi lake akana ukwati. Akuti mlaliki wina wa pa WhatsApp anawauza kuti mtundu wa mtsikanayo ndi "Akeni amasiku ano", mbewu ya Kaini yotembereredwa. Ine ndikuti limeneli ndi bodza, ndipo Baibulo lomwe akunyamulalo likuwatsutsa.

Akeni anali anthu oyendayenda kummwera kwa dziko la Kanani, pafupi ndi Amidiyani. Akatswiri ambiri amati dzina lawo limagwirizana ndi liwu lotanthauza wosula zitsulo, ndipo chigawocho chinali ndi migodi ya kopa monga ya ku Timna. Ife a Zambia, amene tadya za kopa zaka zonsezi, tingawanyoze bwanji osula?

Tsegulani Oweruza 1:16. Mpongozi wa Mose akutchulidwa kuti Mkeni, ndiye kuti Mose mwiniwake anakwatira kumeneko. Pa Eksodo 18, mpongoziyo Yetero ndi amene analangiza Mose kusankha oweruza omuthandiza. Pa Oweruza 4, Yaeli, mkazi wa Heberi Mkeni, ndiye anapha Sisera, mdani wa Aisraeli. Pa 1 Samueli 15:6, Sauli anauza Akeni kuti achoke pakati pa Aamaleki kuti asaphedwe nawo, chifukwa anachitira Aisraeli chifundo. Temberero lili pati apa?

Nanga za Kaini? Maina akufanana, inde. Koma Genesis akunena kuti pa chigumula panapulumuka banja la Nowa chabe, ndipo Nowa anali wa mzere wa Seti. Amene amati amakhulupirira Baibulo lonse asankhe chimodzi.

Chiphunzitsochi sichinabadwire kuno. Mlaliki wa ku America, Arnold Murray, anachifalitsa kwambiri pa TV, ndipo ambiri anachidzudzula kuti chimadzetsa chidani pa Ayuda. Kale azungu ena anachita chimodzimodzi ndi nkhani ya Hamu pofuna kulungamitsa ukapolo wa anthu akuda. Manje ife tatola ndodo yomwe anatimenyera kuti tikwapule nayo anzathu.

Yang'anani Silverest. Ndi dziko la Asoli, la Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, koma amene akumanga nyumba m'mbali mwa Great East Road ndi Abemba, Atonga, Alozi, Ansenga, onse. Timakwera minibasi imodzi kupita ku tauni. Tikayamba kufunsana kuti mbewu ya Kaini ndani, tidzatsala ndi ndani?

Anzanga, uthenga wotere ukafika pa foni yanu, musautumize. Funsani vesi, muwerenge chaputala chonse nokha. Ndipo inu amalume, ngati simukumufuna mtsikanayu, nenani chifukwa chanu chenicheni. Musabisale kumbuyo kwa Akeni.